Utoto Sunadutse

9 Malichi

Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, ndiponso kuti mwendo uja wayamba kukumverani. Ine kuno ndili moyo. Ndikanati ndili bwino mukanadziwa kuti ndikunama, poti munandibereka ndinu.

Musadandaule kuti ndasiya kuimba foni. Tsiku lija ndinakuwa mpaka a chipinda choyandikana anagogoda khoma, inu n'kumangoti, "Ati chiyani? Ati chiyani?" Makutu anu atha, ndipo nkhani zimene ndili nazo si zokuwa. Ndizilemba, a Dalaivala a basi azikupatsani akamadutsa. Muziwerenga nokha. Magalasi ndinakugulirani.

Ntchito ndi yomwe ija ya kochapira. Timachapa nsalu za m'zipatala ndi m'mahotela. Ine ndimaima kutsogolo kwa chimakina chositira, mnzanga mbali inayo. Timagwira nsalu ya pabedi m'makona, kuikoka, kuilowetsa, kutenga ina, mpaka dzuwa kulowa, ngakhale dzuwalo sitiliona. Nthunzi yandisupula m'manja. Zaka ziwiri zija za ku yunivesite zikundithandiza kwambiri: ndimadziwa dzina la kachirombo kalikonse kamene kali pa nsaluzo. Ndamva kuti mumauza anthu kuti ndimagwira ntchito kuchipatala. Pitirizani, si bodza lenileni.

Lachitatu kumabwera matumba ochokera ku wodi ya amayi obereka. Muli timabulangete tating'ono tosalowa m'makina, topinda ndi manja. Kapitawo wathu amakonda kuikako ine, ati ndimapinda mowongoka. Sadziwa kanthu, ndiye pa chimenecho sindingamude. Ndimamuda pa zina.

Chipinda ndikugona ndi mayi wina wa kuntchito komweko, timamutcha Wailesi. Amayamba kulankhula asanatsegule maso. Ali ndi ana anayi kwawo ndipo nkhani ya aliyense ndaimva mpaka ya mano. Koma ndi munthu, amandisiyira madzi otentha.

Tsopano chimene ndinabwerera kuno. Ndalembetsa kuchipatala cha amayi. Dokotala wake ndi mayi wachikulire, wa imvi, wosathamanga polankhula. Anandiyeza magazi, anandiunika pa sikani. Akuti mazira alipo, chiberekero chilibe vuto. Chatsala ndi machubu. Amayi, dzira likatuluka limayenda m'kanjira kopyapyala ngati udzu wa tsache kupita kuchiberekero. Tinjirato tilipo tiwiri, kumanja ndi kumanzere. Tikatsekeka, ngakhale mupemphere mpaka mawondo atupe, dzira ndi mbewu sizikumana. Sikani siona tinjirato. Amathira utoto m'chiberekero n'kujambula ekisire, kuti aone ngati ukudutsa.

Dokotala akufunanso kuti mkamwini wanu akayezetse mbewu yawo kumeneko. Ndawauza. Anandiyankha za galaja, kuti jeke yawo yathyoka.

Apongozi anga mukawaona muwapatse moni. Sindinaiwale mawu awo tsiku londiperekeza: "Pita ukatichapire za eni ake, poti matewera ochapa kuno kulibe." Anthu anaseka. Mwana wawo anayang'ana pansi.

M'katundumu muli mafuta opaka mwendo ndi nsapato. Ndalama zili m'nsapato yakumanzere, ndi za denga. Achimwene akabwera ndi nkhope yachisoni, muwakumbutse kuti iwo sukulu anamaliza.

Ndine mwana wanu.

20 Epulo

Amayi,

Moni. Kalata yanu yafika, yonunkha dizilo koma yathunthu. Ndakondwa kuti denga lasiya kudontha pamwamba pa bedi lanu. Chifuwa mukunenacho musachilekerere. Pitani kuchipatala, osati kwa mayi wa pagolosale amene amagulitsa mapiritsi ngati maswiti.

Mwafunsa ngati andijambula. Ayi. Imvani mmene munthu wosauka amatayira miyezi.

Kujambulako sikuchitika tsiku lililonse. Kumafunika msambo utangotha, dzira lisanatuluke, kuopa kuthira utoto pa mimba yongoyamba kumene. Nesi atanena zimenezo ndinaseka. Mimba yake iti, mwamuna ali kutali chonchi? Anati lamulo ndi lamulo. Ndiye umaimba foni tsiku limene wayamba kusamba, iwo n'kukupatsa tsiku la sabata yotsatira. Koma kuntchito kwathu tchuthi umapempha kutatsala milungu iwiri. Thupi langa silidziwa malamulo a Kapitawo, limachita pamene lafunira.

Mwezi watha ndinalowa m'kaofesi kake kagalasi kaja, kamene amakhalamo n'kumatiyang'ana ngati nkhuku zake.

"Ukudwala chiyani?" anatero.

"Za azimayi."

"Muno nonse ndinu azimayi. Ndikayamba zimenezo ndizichapa ndekha?"

"Theka la tsiku lokha."

"Apulofesa," ndi mmene amanditchulira, "pageti paja pali anthu akudikira malo ako. Alibe machubu ovuta amenewo."

Ndinali ndisanatchule machubu. Wailesi ndiye anaulutsa, mwachifundo, ati amandipepesera. Ndinamuuza Kapitawoyo kuti mimba yofunika kujambula ndi yake, tione ngati ali mapasa. Azimayi anaseka mpaka makina anaima, ine n'kulandira mashifiti a Loweruka mwezi wonse. Mukufuna kunena kuti pakamwa panga padzandiphetsa. Ndamva kale.

Mwezi uno tsiku linagwera pa tchuthi changa. Ndinasamba, ndinavala, ndinakwera basi, n'kupeza makina ojambulira awonongeka. Nesi anati, "Mudzaimbenso mwezi wamawa, mayi," ngati akunena za buledi amene watha m'shopu.

Wailesi, pofuna kulipira mlandu wa pakamwa pake, wati adzandiimirira pa makina tsiku likadzapezeka, ine ndidzamugwirire Lamlungu. Kapitawo bola aone mutu pamalopo, wa ndani alibe nazo ntchito.

Mkamwini wanu ndinalankhula nawo. Za kuyezetsa akuti, "Ine ndilibe vuto, kwathu tonse timabereka." Ndinati dokotala sayeza mtundu, amayeza munthu. Anati ndayambanso kuwaphunzitsa. Kenako mayunitsi anatha, kapena anati atha.

Za mtsikana wa pashopu amene mukuti amawapititsira tiyi kugalaja musandilemberenso. Munthu amamwa tiyi. Sindinawasiye ndi lumbiro lakuti afe ndi ludzu.

Zinthu kuno zakwera, nyumba akweza, ndiye mwezi uno ndatumiza sopo ndi shuga basi. Juzi yobiriwirayo ndi yanu, musapatse mdzukulu aliyense.

Ndine mwana wanu.

6 Juni

Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine andijambula dzana.

Chipinda chake n'chozizira ngati mosungira nyama. Anandiveka chovala chotseguka kumbuyo, chimodzi mwa zomwe timasita ife. Ndinazindikira kapindidwe kathu. Ndinagona pa tebulo lolimba, chimakina chili pamwamba pa mimba, miyendo m'mwamba, ulemu wonse munandiphunzitsa uli pansi pamodzi ndi nsapato. Nesi anandigwira dzanja n'kumanditcha "mwana wanga," pamene ndikhoza kukhala mkulu wake.

Analowetsa chitsulo, kenako kachubu, n'kuyamba kukankha utoto. Ululu wake ndi wa msambo, koma wonse wa chaka chathunthu kubwera nthawi imodzi. Sindinalire. Ndinkayang'ana kanema amene anali pambali, chifukwa anaiwala kumutembenuza.

Chithunzi chimenecho ndinachionapo m'buku, chaka chachiwiri, sabata zochepa ndisanadwale. Chiberekero chimadzaza, choyera, cha makona atatu. Kenako m'makona awiri apamwamba mumatuluka timizere tiwiri ngati ulusi, n'kukafika kumapeto kumene utoto umamwazika ngati utsi. Changa chinadzaza bwinobwino, chokongola, chofanana ndi cha m'buku. Ndinadikira ulusi. Wojambula anati nditembenukire kumanzere. Anakankhanso utoto. Anati nditembenukire kumanja. Makona aja anangokhala duu, ngati wina anawasoka.

Kenako onse m'chipindamo anayamba kundilankhula mofatsa. Anthu a kuchipatala akayamba kufatsa, dziwani kuti zavuta.

Dokotala wa imvi uja anandiitana tsiku lomwelo. Anati, "Musathamange, mayi. Utoto waima pakhomo penipeni pa machubu, mbali zonse. Nthawi zina minofu ya pamenepo imangokungika ndi ululu, ngati munthu wofumbata dzanja. Chithunzi chimaonetsa kutseka, pamene njira ilipo."

"Nthawi zina," ndinatero.

"Nthawi zambiri ndithu. Kuti titsimikize tiyenera kulowetsa kamera pamchombo, muli mtulo, thupi litamasuka. Tidzathira utoto wina n'kuona ndi maso."

"Liti?"

"Mndandanda ndi wautali. Miyezi ingapo."

"Amene munawauza mawu amenewa n'kudzabereka alipo?"

"Alipo."

"Opata lotale nawonso alipo."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, anati, "Munaphunzirako eti?" Ndinati pang'ono. Anati, "Zikuoneka." Sindikudziwa ngati kunali kuyamikira.

Amayi, kutonthoza ndimakudziwa. Ndinakumva tsiku limene anandiuza kuti malo anga ku yunivesite andisungira. Ndinakumva zaka zonsezi kwa azimayi ondisisita pamsana, "nthawi yako ikubwera." Maso anga anaona okha. Zaka zisanu ndi ziwiri popanda ngakhale kuchedwa kwa msambo kamodzi, ndiye lero andiuze kuti ndi dzanja lofumbata?

Chikundipweteka kuposa utoto n'chakuti apongozi anga ankanena zoona. Munthu wosadziwa kulemba dzina lake anaona zimene ine ndawolokera malire kudzalipira kuti ndione.

Wailesi anandipeza nditagona, botolo la madzi otentha lili pamimba. Anakhala pa bedi langa osalankhula. Sindinadziwe kuti amatha.

Musauze munthu, ngakhale azakhali. Mkamwini wanu ndiwauza ndekha, m'njira yanga.

Ndine mwana wanu.

27 Juni

Amayi,

Moni. Ndamva kuti chifuwa chachepa, zikomo kuti munapita kuchipatala.

Kalata yanu yonse ndi mawu amodzi: ndisawauze kanthu mkamwini wanu mpaka kamera itaona. Munalemba katatu, kachitatuko n'kudula mzere pansi mpaka pepala kubooka. Yafika mochedwa. Ndinawalembera tsiku lomwe ndinalembera inu, a Dalaivala ananyamula zonse ziwiri.

Ndinalemba kuti machubu onse ndi otseka, sindidzabereka, ndipo ngati akufuna mwana apeze wina, ine sindidzawaimba mlandu. Za kamera sindinatchule.

Musagwire kumutu. Ndikudziwa chimene ndikuchita. Ndikanawauza za kamera akanati tidikire, ndipo akanadikira monga akhala akudikira zaka zonsezi, akuyang'ana pansi amayi awo akamandinyoza, akundisunga chifukwa cha mwina. Ine ndatopa kukhala mkazi wa mwina. Ndikufuna anene ndi pakamwa pawo kuti ngakhale zili choncho, ndiwe. Akatero ndidzawauza za kamera, idzakhale mphatso.

Ndipo adzatero. Inu mwaiwala, ine ayi. Apendikisi itaphulika m'mimba mwanga, ndani ankagona pa benchi kunja kwa wodi, zovala zili girisi yekhayekha, manesi akumuthamangitsa iye n'kumabwerera? Mayeso atandidutsa, thandizo la fizi litadulidwa, anzanga a m'kalasi anabwera kamodzi ndi malalanje n'kuzimiririka. Amene anatsala ndani? Inu nomwe munkati mwana wa yunivesite sangakwatiwe ndi makaniko. Makanikoyo ndi amene anandiphunzitsa kuyendanso, atandigwira m'chiuno, akundiuza kuti injini yanga ndi yabwino, yangofuna kutenthetsa. Munthu ameneyo ndimamudziwa kuposa mmene amamudziwira amayi ake.

Kuseri kwa msewu wathu kuli galaja yaikulu ya mathiraki. Ndinafunsa, akuti munthu wodziwa dizilo samukana. Ndafunsanso eni nyumba za chipinda chapansi chimene chikutuluka anthu mwezi wamawa. Chili ndi zenera loyang'ana kumsewu ndi sinki yakeyake. Ndi chodula, koma anthu awiri ogwira ntchito angakwanitse. Kuno kulibe apongozi.

Mkamwini wanu mukawaona musawafunse kanthu. Asiyeni aganize. Mwamuna safulumira pa zinthu zotere.

Ndatumiza mabatire a tochi yanu ndi kansalu ka tebulo.

Ndine mwana wanu.

15 Ogasiti

Amayi,

Ndili moyo. Pepani kuti makalata anu awiri sindinayankhe.

Zimene mukuzungulira kundiuza ndikuzidziwa. Mkamwini wanu anayankha. Osati kalata, uthenga wa pafoni, unandipeza ndikudya buledi kuseri kwa boyila. Ndikulemberani wonse, si wautali:

"Mayi, ndalandira. Zandipweteka kwambiri. Zikomo chifukwa chomvetsa. Ndiwe mkazi wa mtima wabwino, Mulungu akudalitse."

Chibadwire palibe anandinenapo kuti ndine wa mtima wabwino. Ndinamaliza buledi, ndinabwerera pa makina. Mnzanga wa mbali inayo akuti ndinalowetsa nsalu mokhota mpaka madzulo.

Ndiye wa pashopu uja walowa m'nyumba. Mwati anabwera ndi chikwama chimodzi ndi beseni. Safunika zambiri, zonse anazipeza. Makatani aja ndinasoka ndekha. Musapiteko kukatenga kanthu, sindikufuna akuoneni mutasenza mapoto pamsewu ngati tikulimbirana.

Ndamvanso kuti munakangana ndi apongozi anga pa siteji ya basi, anthu akuonerera. Amayi, pa msinkhu wanu? Asiyeni anene kuti machubu ndinatseka ndekha pochotsa mimba ku yunivesite. Kwa iwo mtsikana aliyense amene anagwirapo buku ndi hule. Inu mukudziwa kuti mwamuna amene ndinamudziwa ndi mmodzi, ndipo mwana wawo akudziwa bwino kuposa inu. Ngati anakhala chete amayi ake akunena zimenezo, ndiye kuti khosi lake linazolowera kuwerama.

Musandilembere kuti munandiuza. Munandiuza.

Chipinda chapansi chija analowamo anthu ena, ali ndi khanda. Limalira bwino, mawu ake amakwera ndi paipi ya madzi.

A kuchipatala anaimba, akuti tsiku la kamera lapezeka, mu Novembala. Ndinati ndiganize kaye. Wailesi anamva, poti khutu lake ndi lalikulu ngati pakamwa pake.

"Uganize chiyani?"

"Ndikatsegulitse mimba chifukwa cha ndani?"

"Machubuwo ndi a makaniko? Anakuikira ndi iye?"

"Zatha, Wailesi."

"Chatha ndi ukwati. Iwe ukuyenda ndi chinthu m'mimba osachidziwa, pamene umadzitcha wophunzira. Ine wosaphunzirane ndikamva kulira m'kabati ndimatsegula."

Ndinamuuza kuti asamale ana ake anayi. Anati akuwasamala, wachisanu ndine. Mawa lake anatenga foni yanga n'kuimba yekha, akudziyesa ine, mawu atawakongoletsa ngati owerenga nkhani. Ndiye ndidzapita, kuti akhale chete.

Ndalama za mwezi uno gulani mankhwala a mwendo. Zimene ndinkatumiza kugalaja tsopano zizibwera kwa inu.

Ndine mwana wanu.

12 Novembala

Amayi,

Moni kuchokera pa bedi. Musaope, opaleshoni inatha bwino, ndili kunyumba. Ndili ndi timabala titatu, kamodzi pamchombo, tiwiri m'munsi, tating'ono kuposa chikhadabo. Chikupweteka ndi phewa. Akuti ndi mpweya umene anapopera m'mimba kuti aone bwino, utha wokha. Kapitawo wandipatsa sabata, atawerenga kalata ya dokotala mozondoka ndi mowongoka.

Nditadzuka ndinapeza Wailesi ali pambali akuuza mayi wa bedi loyandikana mbiri ya moyo wanga. Madzulo ake dokotala wa imvi anabwera ndi zithunzi. Anakhala pa mpando, chinthu chimene madokotala sachita.

Anayamba ndi kumanja. Chubu cha kumeneko chinali chotupa ngati soseji, chodzaza madzi, chomatirira kumatumbo ndi zipsera zonga ukonde wa kangaude. Anafunsa za chipsera changa chakale. Ndinati apendikisi, inaphulika. Anagwedeza mutu, anati mafinya a nthawi imeneyo ndi amene anawononga mbali imeneyo. Anachichotsa, monga tinagwirizana ndisanagone, chifukwa madzi akewo amatsikira m'chiberekero n'kulepheretsa mimba kukhazikika. Akuti mwina ndi amene akhala akundilepheretsa zaka zonsezi. Ndiye matenda amodzi omwe aja anandidyera digiri ndi chubu. Apongozi anga akanamva akanakhumudwa, nkhani yawo inali yokoma kuposa iyi.

Kenako anatulutsa chithunzi china. Kanthu kofiirira, kopyapyala, kumapeto kwake ngati duwa. Pa duwapo pakutuluka utoto wabuluu, wambiri, ukudzaza pansi.

"Ichi ndi cha kumanzere," anatero. "Chotseguka. Utoto unadutsa tisanamalize n'kukankha komwe."

Ndinati mwina asokoneza zithunzi ndi za munthu wina.

"Ndinalimo ndine, mayi. Tsiku lija chinangokungika ndi ululu. Chubu chimodzi chabwino chimakwanira. Sindikulonjezani mwana, zaka zikupita ndipo abambo sitinawayeze. Koma njira ilipo, ndipo miyezi ikubwerayi ndiyo yabwino kuyesa. Abambo abwera liti?"

Wailesi anatsegula pakamwa. Ndinamuponda ndi diso.

"Posachedwa," ndinatero.

"Muwauze asachedwe," anatero akumwetulira, n'kundigwira phazi pamwamba pa bulangete. Anapita pa bedi lina.

Amayi, ndinkaganiza kuti tsiku loipa kwambiri linali la ekisire. Tsiku limene lija ndinatuluka ndikuyenda ndekha. Ili anachita kundigwira mbali zonse, ndipo si chifukwa cha mabala.

Chithunzicho anandipatsa. Sindikudziwa kuti munthu amachiika pati.

Mawu awa ndi anu nokha. Ndikubwereza, Amayi, anu nokha. Kugalaja asakafike.

Ndine mwana wanu.

18 Januwale

Amayi,

Ndikhulupirira mwalowa bwino chaka. Mabala anapola, ndinabwerera pa makina.

Sindikukalipirani. Ndinadziwa kuti mudzapita, ndinu mayi. Mwati munavala juzi yobiriwira n'kukaima pakhomo pa galaja mpaka mkamwini wanu anatuluka pansi pa galimoto. Ndikanakonda mukanapanda kugwada. Munthu amene munkamukana kuti ndi makaniko, inu kumugwadira pa girisi.

Anaimba Lamlungu masana. Ndinali ndikuchapa zovala zanga pa sinki ya pakhonde.

"Ndamva kwa amayi ako," anatero.

"Mwamva."

"N'zoona?"

"Chithunzi ndili nacho."

"Ndiye unandinamiza."

"Ndinakuuzani zimene ndinaona."

"Dokotala anakuuza kuti mwina. Amayi ako akuti anakuuza tsiku lomwelo. Bwanji sunandiuze? Bwanji sunadikire?"

"Inu bwanji simunakane?"

Ndinkamva wina akumenya chitsulo kumbuyo kwawo.

"Unalemba wekha," anatero. "Iwe ukalemba chinthu umakhala watsimikiza. Zaka zonsezi ndinayamba ndakutsutsapo n'kupambana? Ndinati ukundithamangitsa. Ndinati wapeza wophunzira mnzako kumeneko."

"Mukanafunsa."

"Umafunsika iwe?"

Kenako analira, Amayi. Kulira kwenikweni, ngati tsiku la maliro a bambo awo. Ine nditagwira foni ndi dzanja la thovu. Anati mtsikanayo ndi woyembekezera, miyezi inayi. Inu munadziwa, n'chifukwa chake kalata yanu inali yodzaza ndi nkhani za mvula. Anati sangamuthamangitse, alibe kolowera, ndipo sanalakwe kanthu. Ndinati n'zoona, sanalakwe. Anati mwina tingapeze njira, ine ndizikhala kuno, iwo azibwera nthawi ndi nthawi, amuna ambiri amatero. Ndinawafunsa ngati akufuna ndiwatumizire ya basi, kapena adzapempha kwa akazi awo.

Anati, "Ukuona? Ndi zimenezotu."

Ndinati ndikuona. Ndinawauza kuti amugulire mtsikanayo mankhwala owonjezera magazi, ndipo asamamulole kunyamula makireti a pashopu. Ndinadula ndine.

Ndiye musapitenso, Amayi. Musakakambirane ndi akuluakulu a mbali zonse, musakapemphe kuti nkhani ikhalidwe pansi. Palibe chokambirana. Sanandithamangitse, ndinatsegula chitseko ndekha kuti ndione ngati atuluke, ndipo anatuluka. Mwana akadzabadwa mudzapite ndi sopo monga amachitira anthu. Mudzayang'ane ngati ali ndi makutu aja otuluka. Musadzandiuze.

Mwafunsa kuti ndibwera liti. Osati chaka chino. Kumeneko aliyense akudziwa za m'mimba mwanga, mbali ya kumanja ndi ya kumanzere. Kuno ndine Apulofesa wa pa makina ositira, basi. Wailesi wayamba kale kundiwerengera amuna: wa pachipata, wokonza boyila, mlongo wake wamasiye. Ndamuuza kuti chubu changa si malo a lendi oti asakhale opanda munthu.

Kuchipatala ndinayenera kubwerera sabata yatha, pamodzi ndi abambo. Sindinapite. Dokotala uja anagwira ntchito yake bwino, sindikufuna kumuonongera.

Ndatumiza ambulera ndi mankhwala a mwendo. Ndalama zili m'thumba la mkati la chikwama, mulipire amene akukulimirani.

Dzulo ndayamba kusamba. Zaka zonse zija, mwezi uliwonse ndikaona magazi ndinkadzitsekera kubafa n'kulira mwakachetechete kuti mkamwini wanu asamve. Dzulo ndinapezeka ndakhala pansi m'bafa ya kuntchito, ndikulira chimodzimodzi, dzanja lili pakamwa. Ndinalira nthawi ndithu ndisanakumbuke kuti mwezi uno panalibe chimene ndimadikira.

Ndine mwana wanu.